Mfuti Yopepuka ya Mayi Rustad

Sorrel Creek, Alaska
6 Juni 2004

Corliss mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, iwe ndi amuna ako a Gordon, ndiponso kuti odwala ako kuchipatala sakukumaliza. Kuno tadzuka. Madzi oundana achoka mumtsinje, mbatata ndadzala, udzudzu wafika ndi abale ake onse. Malume ako Orval akadali moyo kumunsiko, utsi wake ndimauona.

Zithunzi za chipinda wandikonzeracho ndaziona. Makatani ake ndi okongola. Uzigonekamo alendo.

Nkhani ndalembera ndi iyi. Dzana ndinatenga mfuti ya malemu bambo ako, yaitali ija, kuti ndikayese miyendo pachitunda cha kuseri kwa nyumba. Miyendo ilibe mlandu. Landikana ndi phewa lakumanjali. Ndisanafike pamwala waukulu uja ndinakhala pansi, mkono utachita dzanzi mpaka kuzala. Zaka zonsezi wonyamula mfuti anali Arlo, bambo akowo, ine ndinkanyamula chakudya ndi misomali, ndiye sindinkadziwa kuti chinthuchi chimalemera ngati mwana wa ng'ombe.

Kanyumba kathu ka kumpata wa mapiri sikadikira kuti phewa langa lichire. Mabulosi akada mu Ogasiti ndiyenera kukwera. Alenje akagonamo amachotsa matabwa a misomali otchingira zimbalangondo aja m'mazenera, ndipo si onse amakumbukira kuwabwezera, pamene chimbalangondo chikangopeza zenera losatchinga kanyumba katha. Ndikasiyenso nyemba za m'zitini pashelefu, ndikayale nkhuni zouma m'chitofu, machesi m'botolo pamwamba pake. Munthu wogwera m'madzi nthawi yachisanu zala zake sizigwira nkhwangwa, chimene amatha ndi kuyatsa kamtengo kamodzi ka machesi basi. Chaka chatha sitinapite chifukwa bambo ako anali chigonere. Chaka chino chitofu chija sichigonanso chopanda nkhuni.

Sabata yatha kunadutsa mayi wina wa boma, wowerenga nsomba mumtsinje, atamangirira volovolo, mfuti yaifupi ya m'manja, pachifuwa. Anandilola kuigwira. Mwana wanga, yopepuka ngati kapu ya khofi, koma zipolopolo zake ndi zogwetsa chimbalangondo. Pita kusitolo ya mfuti kumeneko ukandigulire yoteroyo, pamodzi ndi chimake chomangira pachifuwa. Ikhale mphatso yanga ya tsiku lobadwa, m'malo mwa masilipasi umanditumizira aja. Umupatsire Hollis wandege abwere nayo ndi makalata. Uchite changu, ndikufuna dzanja liizolowere nthawi ikadalipo.

Ndatumiza botolo la jamu. Ndi la iwe, a Gordon angolawa.

Mayi ako,
Verna


Anchorage
20 Juni 2004

Amayi,

Ndakondwa kumva kuti mwadzuka bwino. Ife tili bwino, kungoti ntchito yachuluka. Alendo odzaona malo ayamba kuthyoka miyendo m'mapiri mwanumo, ndipo onse amathera m'manja mwathu. Jamu yafika, Gordon akulawa ndi supuni yaikulu.

Kusitolo ndinapita. Akuti mtundu mukunenawo watha, ayitanitsa, mwina ufika mwezi wamawa. Mukudziwa mmene katundu amachedwera kufika kuno. Podikira ndakutumizirani tsabola wopopera wothamangitsira zimbalangondo, chitini chachikulu. Anthu ambiri masiku ano akuyenda ndi ameneyu m'thengo, ndipo salemera.

Koma Amayi, dzanzi lofika mpaka kuzala si lamasewera. Bwerani dokotala akuoneni, ngakhale masiku ochepa chabe. Zaka zanu zikuyandikira makumi asanu ndi awiri. Nkhuni za m'chitofu angathe kukayala wina aliyense, tingapemphe alenje omwewo. Bambo sakanafuna kuti mukwere phiri limenelija nokha.

Mundiuze ngati mankhwala a nyamakazi akadalipo.

Mwana wanu,
Corliss


Anchorage
20 Juni 2004

Malume Orval,

Muli bwanji, nanga chiunocho? Ndikukulemberani mwamseri, kalata iyi musaisiye patebulo.

Lero ndawanamiza amayi, ndipo ndikufuna mundithandize kunamako. Kusitolo sindinapite ndipo sindipita. Mwezi watha kuchipatala kuno anabwera ndi bambo wina amene chimbalangondo chinamusenda mutu, wamphamvu, wamng'ono kwa ine, ndipo mfuti anali nayo. Ndinamugwira dzanja mpaka anatisiya. Chaka chatha ndinaika bambo anga m'manda. Sindikufuna kukatola amayi m'thumba.

Kuwaletsa ndi pakamwa n'kutaya nthawi, mumawadziwa achemwali anu. Koma lamulo la pakhomo pathu mukulikumbukira: wopanda mfuti sawoloka mtsinje. Ndili mwana ndinakwapulidwa chifukwa chokathyola mabulosi kutsidya chimanjamanja, ndipo wokwapula anali iwowo. Lamulo limeneli sangaliphwanye, analipanga okha. Chingwe chowamangira ndi chimenechi. Volovolo sibwera, ndiye yatsala yaitali ya bambo, ndipo ndikuopa kuti zikawavuta aikwakwaza ndi dzanja lamanzere mpaka kumpata. Pitani mukaitenge. Munene kuti ikufunika kukonza.

Chipale chikangogwa njira itsekeka yokha, ndiye tidzakambirana zoti abwere kuno. Adzandikwiyira, ndikudziwa. Andikwiyire ali moyo.

Mwana wanu,
Corliss


Sorrel Creek, kumunsi
9 Julayi 2004

Corliss,

Moni. Ine ndili bwino kupatula chiuno, chimene chimandiuza za mvula wailesi isananene. Nsomba zalowa zambiri chaka chino, khumbi lowambira ladzaza, ndikutumizirako Hollis akadzabweranso.

Ntchito unandipatsa ndaigwira, koma usadzandipatsenso ina yotere. Kulemba sindikonda, kunama sinditha, iwe wandichititsa zonse ziwiri.

Ndinapita ndi boti Lamlungu, ndinawapeza mayi ako akupalira kabichi. Titalowa m'nyumba ndinatsitsa mfuti pakhoma, ndikusuzumira mumpope ngati dokotala, ndikupukusa mutu.

Iwo amvekere, "Ukufuna chiyani m'menemo, Orval? Mkazi? Ngati sunamupeze panja pano zaka zonsezi, mumfuti mulibe."

Ine ndati, "Achemwali, muli dzimbiri umu. Tsiku mudzawombe idzakuphulikirani kumaso."

"Dzimbiri lili m'mutu mwakomo. Arlo ankaisisita mfuti imeneyo kuposa mmene ankandisisitira ine."

"Nanga chaka chonse chathachi yasisitidwa ndi ndani?"

Ndinawaponda pachilonda, ndipo ndinachita manyazi moti khofi anandithirira ndinalephera kumumaliza. Ndikutuluka anati, "Tenga. Koma ibwere mabulosi asanade, apo ayi ndidzabwera ndi nkhwangwa kudzaboola botilo uli momwemo."

Mfuti ili m'shedi mwanga. Ndaiyang'ana bwinobwino, ikuwala ngati yatsopano. Pakhomo pawo patsala kamfuti kowombera mbalame kaja, kamene chimbalangondo chingayese kuti chalumwa ndi udzudzu, ndiye kameneko sangakwere nako phiri.

Sindikunena kuti walakwa. Inenso ndimaopa, ndi mlongo wanga yekhayo watsala. Koma wandiika pakati pa inu awiri, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

Malume ako,
Orval


Sorrel Creek
18 Julayi 2004

Corliss,

Moni kwa nonse. Ndili bwino, mankhwala alipo, usafunsenso.

Tsabola wako wafika. Ukufuna chimbalangondo chidzandipeze nditathiridwa kale zokometsera? Ndamuika pazenera, agalu amamuuwa.

Ndege yatera kangapo chilembere iwe, ndipo nthawi zonse ndimapita kubwalo nditavala jombo ngati wolandira mkwati. Hollis amangondipatsa nyuzipepala zakale ndi kukweza mapewa. Mzinda wonsewo, kumene ngakhale wogulitsa buledi ali ndi mfuti m'galimoto, volovolo imodzi yasowa? Ngati sitolo iyo ilibe pita kwina. Ngati vuto ndi ndalama nena, usachite manyazi, ndigulitsa injini ya boti ya bambo ako.

Malume ako anatenga yaitali ija akuti akachotse dzimbiri. Munthu amene boti lake limamangidwa ndi mawaya akufuna kukonza mfuti ya Arlo.

Wati bambo ako sakanafuna ndikwere ndekha. Iwe unawadziwa bambo ako ngati mwana, ine ndinawadziwa ngati mkazi wawo. Kanyumba kaja mitengo yake tinasenda awiri, ndili ndi pakati pa iwe, ndipo sanandiuzepo kuti ndikhale pansi. Usawaike mawu m'kamwa anthu amene sangathe kukuyankha.

M'mawa uliwonse ndikukwera chitunda ndi chikwama chodzaza miyala. Ndimapuma pafupipafupi, inde, koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Mabulosi ayamba kufiira.

Mayi ako


Sorrel Creek, kumunsi
2 Ogasiti 2004

Corliss,

Moni, ndili bwino. Ugone tulo tsopano, nkhani yatha, ndipo waimaliza ndine.

Pali chinthu chimene mayi ako sankadziwa chifukwa moyo wawo wonse awombera mfuti zazitali. Mfuti yolemera imameza theche lake. Yopepuka theche lonse imalipereka kwa mwini. Ndiye nditakumana ndi mayi wowerenga nsomba uja ndinamupempha kuti adzere kwa achemwali, awabwereke volovolo yake ayese.

Tinaimika mgolo wakale wa mafuta patsogolo pa chitunda, pafupi ndithu, poti wakhungu akanaulasa ndi mwala. Mayi ako anaima bwino, manja onse awiri, diso pamgolo. Atangokhethemula, kamfutiko kanalumpha mpaka pamwamba pa mutu wawo. Agalu onse anathawira pansi pa nyumba. Mgolo uli phee.

Ine ndati, "Achemwali, mtambo uja mwaupha. Tiusende?"

Iwo amvekere, "Tseka pakamwa, Orval, ntchentche zingalowe."

Anawombanso. Khungu la pakati pa chala chachikulu ndi cholozera linang'ambika, magazi chuchuchu. Mayi wa nsomba uja akuti basi Amayi, basi, koma iwo ayi. Kachitatu dzanja linakana, kamfuti kanagwera m'udzu, ndipo anagwira phewa nkhope itayera. Mgolo sunakhudzidwe ngakhale pambali.

Anakatola okha, anakapukuta ndi epuloni, n'kukabweza kwa mwini wake ndi manja awiri. Anati, "Zikomo, mwana wanga. Kamfuti kako n'kabodza. Kamapepuka panjira, n'kudzalemera tsiku la mlandu." Kenaka anamanga dzanja ndi kansalu, n'kutiphikira khofi ngati palibe chachitika.

Ndikupita kuboti anandifunsa za yaitali ija. Ndinati ndayitanitsa chitsulo china. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kukwera boti.

Ndiye yopepuka yawakana, yolemera ili kwa ine. Mtsinje sawoloka. Kunena zoona sindinasangalale kuwaona akutola kamfuti m'udzu, koma ndi zimene unkafuna.

Malume ako,
Orval


Sorrel Creek
10 Ogasiti 2004

Corliss,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino.

Volovolo ija usagule. Komanso sunali kugula. Hollis akuti kusitolo kumeneko zadzaza m'galasi, anaziona ndi maso ake. Dzulo ndinapita kumunsi kukamupatsa malume ako buledi, ndinapeza mfuti ya bambo ako ili pachikhomo m'shedi. Ndinasuzumira mumpope, muli mbee. Orval ndinangomuyang'ana, iye n'kulavula zonse, mpaka kukatenga kalata yako pansi pa matiresi.

Mfuti ndaisiya pomwepo. Kunyamula sindingathe, ndipo kupempha chinthu changa kwa anthu amene andibera sindichita.

Mukanandiuza zoona mu Juni, bwenzi ndayesa kamfuti kaja kalekale, ndaona kuti sikandiyenera, ndapeza ina yolemererako pang'ono, ya zipolopolo zofatsa, ndipo dzanja likanazolowera. Mwandidyera chilimwe chonse, iwe ndi bodza lako, Orval ndi dzimbiri lake. Chimene chandipweteka kwambiri si mfuti. Mwakhala pansi awiri, mwana wobereka ndekha ndi mlongo wanga amene ndinamusambitsa ali khanda, n'kumapangana za ine ngati mbuzi yofunika chingwe.

Wati lamulo sindingaliphwanye poti ndinalipanga ndekha. Lamulo lija ndinapangira ana. Pakhomo pano ine ndine mwana wa yani?

Mabulosi ada. Ndinyamuka Lolemba likubwerali. Kamfuti ka mbalame ndikasiya, kangangochikwiyitsa chimbalangondo. Nditenga misomali, nyemba, machesi, ndi tsabola wako, usanyade. Agalu ndiwasiya kwa malume ako, aziuwana. Sindikubisa, ndikukuuza masana dzuwa likuwala, zimene iwe unalephera kuchita.

Verna Rustad


Anchorage
12 Ogasiti 2004

Amayi,

Muli bwanji? Kalata yanu sindinalandire sabata ino, akuti nkhungu yatseka mapiri ndipo ndege sizikuuluka bwino. Ya malume yokha ndi imene inadutsa nkhunguyo isanayambe.

Ndamva za dzanja, pepani. Muzitsuka ndi madzi a mchere. Musadandaule za kanyumba, chaka chimodzi si kanthu. Mwachita bwino kuvomereza, Amayi, pamafunika mtima waukulu. Ndatenga tchuthi mu Seputembala, ndibwera tidzakumbe mbatata limodzi, tidzalongedzenso zimene mungafune kukhala nazo kuno nthawi yachisanu.

Kwa nthawi yoyamba chimwalirire bambo ndikugona mpaka kucha.

Mwana wanu,
Corliss


Sorrel Creek, kumunsi
19 Ogasiti 2004

Corliss,

Kalata iyi Hollis akupatsa pamanja, pamodzi ndi ya mayi ako imene yakhala m'thumba la makalata chifukwa cha nkhungu. Uwerenge yawo kaye.

Apita. Lolemba anabweretsa agalu, ine n'kumayesa akungondiopseza. M'mawa mwake ndinapeza nyumba yotseka, mapazi awo atawoloka mtsinje. Alibe mfuti, Corliss. Nsomba zadzaza m'mifuleni yonse ya njira imeneyo, ndipo ukudziwa amene amadya pamenepo mwezi uno. Ndinayesa kuwatsatira, chiuno chinandigwetsa ndisanafike n'komwe pamfuleni woyamba. Kumpata nkhungu sinachoke, Hollis akuti sangaone kanthu ali m'mwamba.

Tinkayesa tawamanga. Tangowavula mfuti basi.

Ndege ikubwerera kuno lero lomwe. Ubwere ndi jombo.

Orval


Sorrel Creek
23 Ogasiti 2004

Gordon wanga,

Uthenga wa pawailesi waumva, tonse tili moyo, tatsika dzulo. Ndikulemba chifukwa pawailesi chigwa chonse chimamvera, ndipo manyazi anga akwana kale. Ukauze akuchipatala kuti ndibwera sabata yamawa, ndikuyenda ngati bakha.

Malume anandidikira pabwalo la ndege, mfuti ya bambo ili m'manja. Sanandipatse moni, anangoti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," n'kundikoleka lamba wake paphewa. Ndinawoloka mtsinje masana omwewo. Njira imeneyi ndinaisiya ndili mtsikana, ndipo mfuti ija, Gordon, amayi sananame. Ndinaisintha phewa ili ndi ili mpaka onse awiri anasupuka. Ndinagona panjira, m'mawa n'kupitiriza.

Pamfuleni wachiwiri, pamatope, ndinapeza phazi la jombo ya amayi. Pamwamba pake panaponda chimbalangondo, ndipo phazi lake linakwirira lawo lonse. Pambali panali timapazi ta ana. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana m'zitsamba ngati ndione nsalu ya malaya awo. Ndakhala ndikuuza anthu uthenga wa maliro kwa zaka zambiri, koma sindinkadziwa kuti mantha amawawa m'mafupa. Kuchokera pamenepo ndinkangoyenda ndikukuwa dzina lawo.

Nditatulukira kumpata ndinaona utsi. Amayi anali pakhonde, mbale pamiyendo, akusankha mabulosi. Anandiyang'ana kuyambira kujombo mpaka kumutu.

"Wabwera kudzatola mtembo? Pepa, ukadali kusankha mabulosi."

"Amayi, mukanafa!"

"Mfutiyo loza pansi, ndipo chotsa chipolopolo usanakwere khonde langa. Ndinakuphunzitsa bwanji?"

Ndinachotsa, ndinakhala pansi n'kuyamba kulira ngati kamwana. Sananditonthoze. Anandikankhira mbale ya mabulosi ndi phazi, n'kuti, "Idya."

Kenaka ndinaona matabwa a misomali aja. Anali pansi, m'munsi mwa mazenera, ndipo dothi linali lokandikakandika pamene ankawakoka. Nkhuni anawaza ndi dzanja lamanzere, chitofu anayala, nyemba zinali pashelefu, denga anamata. Koma matabwa analephera kuwakweza, ndipo anakhala pamenepo masiku onsewo osafuna kutsika ntchito isanathe. Anaona kuti ndaona.

"Usandiyang'ane choncho. Poti wabwera, kweza thabwalo, ine ndikhome."

Ndinakweza, iwo n'kumakhoma ndi lamanzere, akunditukwana kuti ndapendeketsa. Titamaliza zenera lomaliza anakoka chitseko, osaika loko monga mwa nthawi zonse, n'kuyamba kutsika ali patsogolo, ine pambuyo ndi mfuti. Za phazi la pamatope lija ndinafunsa kawiri, anangoti njira ndi ya aliyense. Kupepesa ndinapepesa. Anati amva.

Mbatata tikumba mawa. Zolongedza palibe.

Wako,
Corliss


Sorrel Creek
14 Seputembala 2004

Corliss mwana wanga,

Ndikhulupirira matuza aphwa ndipo wayamba kuyenda ngati munthu. A Gordon uwapatse moni. Kuno chipale chafika kale pamwamba pa mapiri, kumpata kwayera. Malume ako abweza mfuti, imene titatsika ndinati ibwerere m'shedi mwake mpaka woiba aibweze yekha. Anabwera nayo atavula chipewa, ndinamusiya aime pakhomo mpaka khofi atawira.

Unandifunsa za phazi la pamatope, ndinakukaniza chifukwa unali kulira kale, ndipo njira yotsika inali ikadali yaitali. Ndikuuza lero.

Ndinakumana nacho pamfuleni pomwepo, chachikazi, ndi ana awiri. Madzi ankasokosera, ndiye sichinandimve ndikubwera, inenso sindinachione mpaka nditatuluka m'zitsamba. Mphepo inkawomba kuchokera kwa icho kubwera kwa ine. Tsabola wako ndinali naye m'manja, koma ndikanapopera akanabwerera m'maso mwanga momwe. Chinaimirira ndi miyendo iwiri, kununkhiza, kenaka chinatsika n'kuyamba kuwomba nsagwada. Ndinati, "Mayi mnzanga, ndine Verna, ndikungodutsa, ana ako sindikuwafuna, wanga yemwe wandikwana." Chinathamanga kubwera kwa ine. Chinadzaima poti ndikanatha kuchilavulira, mpweya wake wa nsomba zowola ukundifika kumaso, kenaka chinatembenuka n'kukusa ana ake kulowa m'thengo.

Ndinadzikodzera, mwana wanga. Mayi ako. Ndinachapa buluku mumfuleni, ndipo ndinatukwana dzina lako mokweza. Njira imeneyi ndayenda kuyambira usanabadwe ndipo sindinayendepo ndi mantha. Ndikanakhala ndi mfuti mwina sindikanawomba, mwina ndikanawomba n'kuphonya ngati mgolo uja. Koma ndikanaima ngati munthu amene ali ndi chonena pamlandu. Ndinaima ngati ndiwo.

Ndikanatha kubwerera pamenepo, kunyumba kunali pafupi kuposa kumpata. Ndinaganizira ndithu. Koma ndinaona kuti ndikabwerera lero ndiye kuti mwapambana, ndipo mawa mudzandibisira nkhwangwa, mkuja makiyi a boti, mpaka ndidzapezeke ndakhala pazenera la m'tauni ndikuwerenga magalimoto. Ndinavala buluku lonyowa n'kupitiriza kukwera.

Sindibisa, nditakuona ukutulukira kumpata, mfuti ya bambo ako ili paphewa, ukupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, mtima wanga unakondwa kwambiri. Sindinakuonetse chifukwa sunali woyenera. Phewa ndibwera nalo mu Novembala dokotala wako alione, koma tikiti ikhale yopita ndi kubwera, ndipo ndiione ndi maso anga ndisanakwere ndege.

Za mfuti usavutikenso. Chilimwe chonse ndafunafuna yopepuka, ndipo ndaipeza potsika paja. Sindinamve kulemera kwake ngakhale pang'ono, poti inali paphewa pako.

Chaka chamawa mabulosi akada ndinyamuka. Sindidzakupempha, sindidzakudikira. Ukabwera, mfuti udzanyamula ndiwe, ndiye yamba lero kukwera masitepe a kuchipatalako m'malo mwa chikepe. Ukapanda kubwera, mfuti idzatsala pakhoma, ine ndidzawoloka mtsinje monga ndawolokera chaka chino. Sankha iweyo, poti kusankhira anthu umakudziwa.

Mayi ako,
Verna